Mitengo ya Kuseri kwa Chilumba

Pamudzi wa Lomviken panalibe munthu wokoma mtima ngati Sixten Ramberg, ndipo umboni wake unkaoneka chaka ndi chaka mu Januwale. Khirisimasi ikatha, anthu akachotsa zokongoletsa pamitengo yawo n'kuiponya pakhomo, Sixten ankayenda nyumba ndi nyumba pa njinga yake yamoto yoyenda pachipale chofewa, kangolo kali pambuyo, kutolera mitengoyo. Sankafuna ndi zikomo yemwe. Ankati akukataya kudzala la kutsidya kwa damu, poti nthawi yachisanu madzi amaundana, ndipo pamwamba pa ayezi ndi njira yachidule. Amayi amasiye ankamuphikira mabanzi, abusa anamutchulapo paguwa, ndipo mwini wakeyo ankangoweramitsa mutu ngati munthu wodana ndi kutamandidwa.

Kudzalako sikunafikepo mtengo ndi umodzi womwe. Yonse inkathera kuseri kwa chilumba, pakati pa damu. Kumeneko Sixten ankacheka ayezi ndi sowo, kumangirira miyala kumatsinde ndi waya, n'kuimiza umodziumodzi. Ntchito imeneyi si yachilendo, makolo a aliyense ankaichita. Mulu wa nthambi ukakhala pansi pa madzi tinsomba timabisalamo, ndipo abore, nsomba zamizeremizere zija, zimabwera kudzadya tinsombato n'kukhazikika pomwepo. Chachilendo chinali chimodzi. Mwambo umati mulu wotere umawedzapo ndi abale ako, koma Sixten anayamba kuukundika tsitsi lake likadali lakuda, mpaka linachita mbuu osauza ngakhale mkazi wake Majvor.

Amene ankaona zakuda ndi chinsinsichi anali mlamu wake Helmer, mchimwene wa Majvor. Sixten anali wobwera, mkamwini wochokera kumwera, ndipo anafika asakudziwa n'kumanga mbedza komwe. Helmer ndi amene anamuphunzitsa kupalasa, anamupatsa mbali ya shedi yake ya maboti, n'kumulangiza miyala yobisala imene imang'amba boti. Nanga Sixten anabweza bwanji? M'chilimwe ankadzuka Helmer akadaliza mkonono, n'kuzembera kuseri kwa chilumba. Akadzaza ndowa ankazungulira n'kukaima pafupi ndi gombe lina lamchenga pamene ngakhale chule sangamangepo banja, n'kumadikira kuti mlamu wake amupeze pamenepo.

"Alamu, zonsezi mwazipha pompano?" Helmer ankafunsa, akusuzumira m'ndowa.

"Pompano, alamu. Ponyani apo, pafupi ndi mwalawo. Zangochepako tsopano."

Helmer ankaponya mpaka dzuwa kupendeka, n'kubwerako ndi kansomba koti ndi mphaka yemwe angakunyoze nako.

"Ine dzanja langa ndi lowola basi," ankatero.

"Si dzanja, alamu, ndi fodya wanu wa pansi pa mlomoyo. Nsomba zimamva fungo."

Onse ankaseka, n'kukokera maboti kumtunda. Nthawi zina Sixten ankamva kanthu kakumubaya mumtima, ndiye ankamupatsako Helmer nsomba ziwiri zonenepa, kanthu kaja n'kugona.

Damu la Lomviken lili ndi khalidwe lake limene aliyense analizolowera. Chisanu chikalimba, akampani yamagetsi amatsegula zitseko za madzi, poti m'matauni anthu akufuna kutenthetsa nyumba. Madzi amatsika pansi pa ayezi, ayeziyo n'kumatsatira, akusweka m'mphepete ndi phokoso ngati mfuti. Pofika Epulo timilatho tokochezapo maboti timakhala tili lende m'malere, shedi ili uko madzi ali uko, pakati pali matope okhaokha ndi zitsa za nkhalango imene inamizidwa kalekale. Maboti amagona chafufumimba kudikira kuti chipale cha kumapiri chisungunuke, damu lidzazenso mu Juni. Sixten ankadziwa bwino pamene madzi amalekezera akatsika, ndipo mulu wake anauika kupitirira pamenepo ndithu. Mkuluyu sanali wopusa ayi.

Koma chaka chimenecho akampani anafuna kukonza chitseko china cha pansi penipeni pa khoma, ndiye anatsitsa madzi kuposa kale lonse. Sixten anaimva nkhaniyi akumwa khofi kukhitchini.

"Mwamva, bambo?" anatero Majvor. "Akuti matope akangouma pang'ono, chilumba tizikafika wapansi. Achimwene akatuluka m'chipatala asangalala bwanji! Mukudziwa mmene amakondera kuyenda pansi pa damu kutola mbedza zotaya anthu."

Khofi anamutsamwa Sixten. Helmer anali m'chipatala kutauni kuyambira Isitala, akumuunika m'mimba, ndipo ankayembekezeka kubwera kumapeto kwa Epulo. Chaka chilichonse, madzi akatsika, munthuyo ankavala jombo n'kuyendayenda m'matope ndi chikwama, kutola mbedza, anangula ndi magalasi a alendo. Panalibe chitsa chimene sankachisuzumira.

Sixten anavala jombo zake nthawi yomweyo. Matope ankamugwira mpaka m'mawondo, koma anafika. Atazungulira chilumba anangoti kakasi. Mulu wake unali poyera, wautali kuposa shedi ya maboti, wakuda ndi ndere, ayezi atasweka pamwamba pake n'kutsetserekera m'mbali. Mitengo ina inali ikadali ndi tizingwe tonyezimira. Panthambi ina panali lende kamngelo kapulasitiki, kumaso kuli matope. Ngakhale mwana akanadziwa kuti iyi ndi mitengo ya Khirisimasi, ndipo pa Lomviken wotolera mitengo ya Khirisimasi analipo mmodzi yekha. Kuonjezera apo, m'nthambimo munali mbwee mbedza zake zimene zinakodwa zaka zonsezi, zija ankadzisulira yekha kuchokera ku masipuni akale.

Sanaope abusa kapena amayi a mabanzi aja. Ankaopa nkhope ya Helmer. Anamuona m'maganizo ataima pamenepo ndi chikwama chake, akuyang'ana mulu, kenako akukumbukira masiku onse amene anapsa ndi dzuwa pamchenga paja. Helmer si munthu wokalipa, ndipo zimenezo ndiye zinali zoopsa kwambiri. Adzangoti "Oo," n'kubwerera kwawo, ndipo ubale udzathera pa "Oo" ameneyo. Manyazi anamugwira Sixten.

Nzeru inamubwerera akutuluka m'matope. Tsiku lomaliza la Epulo mudzi wonse umasonkha chimoto pabwalo la kuseri kwa tchalitchi, kutsanzikana ndi chisanu. Aliyense amabweretsa zimene ali nazo: nthambi za m'munda, matabwa ovunda, mipando yothyoka. Palibe amene amafunsa kuti nkhuni ndi za ndani. Sixten anatulutsa kathirakitala kake, n'kuyamba kututa mulu uja podzera njira ya kunkhalango kuti asaonedwe akuchokera kudamu. Ankadula waya, kugubuduza miyala, kuthothola tizingwe tonyezimira n'kutiika m'thumba. Thirakitala inkatitimira, iye n'kuifukula. Waya anamucheka zikhatho. Munthu amene ankakana kunyamula dengu la zochapa za Majvor ati chifukwa cha msana, ananyamula nkhalango yathunthu sabata imodzi. Pomaliza anasalaza malowo ndi fosholo, osasiya ndi kanthambi komwe. Kuchipatala sanapiteko n'kamodzi komwe, nthawi akanaipeza kuti?

Anthu ataona mulu wa pabwalo ukukwera tsiku ndi tsiku anagwedeza mitu.

"Abale, Sixten yemweyu! Anthu otere sabadwanso."

"Koma nkhuni zakuda chonchi mwazitenga kuti, a Sixten?"

"Za kudambo kwanga," ankayankha, maso ali pansi.

Tsikulo litafika, anthu anasonkhana dzuwa likadali pamwamba pa mitengo. Amuna akwaya anaima pamzere ndi zipewa zawo zoyera. Wina anathira palafini n'kuyatsa. Zouma za pamwamba zinayaka bwinobwino, anthu n'kuombera m'manja, koma moto utafika pa nkhuni za Sixten unagwada. Panatuluka utsi wachikasu, wolemera, wonunkha matope ndi nsomba yovunda, ndipo m'malo mokwera kumwamba unkakwawa pansi kulowa m'malaya a anthu. Akwaya anayamba nyimbo yolandira nyengo ya maluwa, koma ndime yoyamba isanathe onse anali akutsokomola.

"Kodi mwaikamo mphaka wakufa?" wina anakuwa.

"Siyani! Ndi fungo limeneli chisanu chithawadi chaka chino!"

Sixten anaima kumbuyo, manja m'thumba, mtima uli m'malo. Zinunkhe zisanunkhe, bola zikutha. Ndipamene anaona galimoto ya Majvor ikuima pamsewu. Mkazi wake anatulutsa mpando wopinda ndi bulangete, kenako anatulutsa Helmer. Sixten anadzidzimuka. Mlamu wake anali atatha, jekete likumulendewera ngati lobwereka. Majvor anamukhazika pampando n'kupita kukathandiza amayi ophika khofi, osayang'ana mwamuna wake. Maso a Majvor anali ofiira utsi usanamufike.

"Alamu," anatero Helmer Sixten atayandikira, "simunabwere kudzandiona. Ndimati mwina mwamira m'matope."

"Ntchito, alamu, ntchito. Nanga akuti chiyani madokotala?"

"Poyamba akuti ndisiye fodya." Helmer anatsegula kachitini kake n'kuika fodya pansi pa mlomo. "Kenako atandiunika akuti ayi, musavutike n'kusiya. Mukumva? Dokotala akakuuza kuti idya chilichonse chimene ukufuna, dziwa kuti zako zada. Chilimwe ichi akuti ndichiona. Koma ayezi wotsatira mudzayendapo nokha."

Sixten anagwada pambali pa mpando, bondo lili m'matope.

"Musachite nkhope imeneyo, simunayambe mwaoneka bwino mukalira," anatero Helmer. "Ndili ndi pempho limodzi lokha. Kupalasa sindingathenso. Madzi akabwera mudzandinyamule m'boti lanu, mudzanditengere kuseri kwa chilumba. Kumitengo kwanu kuja."

"Mitengo iti?"

"Aa, alamu, takula, tisanamizane. Chipale sichisunga chinsinsi. Chaka choyamba chomwe ndinatsata mapazi a njinga yanu mpaka padzenje lanu la paayezi. Kodi dzala la kutsidya linasamukira pakati pa damu?"

"Ndiye bwanji osanena? Bwanji kumakhala pamchenga paja tsiku lonse ngati chitsiru?"

"Pamchenga paja pamakoma tulo." Helmer anaseka, kenako anayang'ana kumbali. "Komanso inu munabwera kuno ndi sutikesi yokha. Nyumba ya mlongo wanga, shedi yanga, ndi boti loyamba lomwe langa. Ndinati mkamwiniyu akhale ndi kanthu kamodzi kakekake, angatithawe. Ndiponso mukamanama mumasangalatsa, alamu, makutu amafiira ngati a kamwana ka nkhumba. Ndikanasiya bwanji kuonera zaulere? Koma tsopano ndikufuna ndimve imodzi yaikulu ikukoka. Imodzi yokha basi. Mulu wa zaka zonsezo, m'menemo muyenera kuti muli zinsomba zoti ndodo n'kuthyoka."

Utsi unawapeza pamene anali, n'kuwakuta onse awiri. Sixten anadziwa kuti njira yothawira ilipo. Mu Juni madzi adzakwirira zonse. Akhoza kudzamutengera Helmer kuseri kwa chilumba, n'kuponya mbedza pamatope osalazidwa aja, n'kunena kuti chaka chino nsomba zasamuka chifukwa cha akampani. Aliyense akanakhulupirira, poti akampani amasenza milandu yonse ya pa Lomviken. Koma anayang'ana manja a mlamu wake pabulangete, mafupa okhaokha, ndipo bodza linamukanika koyamba.

"Alamu," anatero, akuloza moto ndi chibwano, "mitengo ija ndi iyi."

Helmer anayang'ana motowo nthawi yaitali.

"Yonse?"

"Yonse. Ndatuta sabata yathunthu, ndasalaza ndi pamalo pomwe."

"Chifukwa?"

"Kuti inu musaione."

Mapewa a Helmer anayamba kugwedera. Anaseka mpaka kuseka kunasanduka chifuwa, misozi ikutsika, anthu n'kumacheuka. Sixten anamugwira paphewa kudikira kuti apume.

"Ndidula ina mawa," anatero mofulumira. "Nkhalango ndi iyo, matope akadali poyera. Ndikundika mulu woposa uja, mudzaona."

"Kundikani, alamu, n'zabwino. Chaka choyamba mudzabwera tinsomba ngati zala. Zikuluzikulu zimadikira kuti mtengo uyambe wamera ndere, mukudziwa kuposa ine." Helmer anapukuta m'maso ndi ngodya ya bulangete. "Sabata yathunthu m'matope, ndi msana wanuwo, chifukwa cha ine! Palibe munthu anandigwirirapo ntchito yaikulu chonchi."

Sixten akanakonda kutukwanidwa. Akanakonda "Oo" uja ankamuopa. Chisoni chinamugwira, ndipo analibe wina womuloza chala, ngakhale akampani. Kutsogoloko akwaya anayesanso nyimbo yawo, mawu ali osasa.

"Ndisunthireni pafupi," anatero Helmer. "Poti nsomba zake sindizilawa, ndiotheko moto wake."

Sixten anamunyamula ndi mpando womwe. Anali wopepuka kuposa mtengo uliwonse umene anasenza sabata imeneyo. Anamukhazika kutsogolo kwa anthu onse, ndipo Helmer anatambasula zikhatho zake kumoto. Sixten anatambasulanso zake pambali pake. Panalibe kutentha kulikonse. Mitengo inkangolira, madzi akutuluka thovu kumatsinde, koma Helmer sanabweze manja ake.