Bulauzi ya Anyezi

Anyezi anazindikira kuti zinthu zavuta atangopukuta m'khosi ndi mpango wake woyera. Mpangowo unabwerako uli wachikasu.

Dzinali anamupatsa ndi anzake a mu labu, chifukwa ankangokhalira kutola makoko a anyezi kumsika n'kumawawiritsa, kupanga utoto wa nsalu wopanda mankhwala oononga mitsinje. Tsiku limenelo, pamsonkhano wa achinyamata ochita kafukufuku, anavala bulauzi yonyikidwa mu utoto wakewo. Anamusokera ndi achemwali ake, atelala.

Okonza msonkhano, pofuna kuonetsa kuti kusamala chilengedwe si nkhani yapakamwa pokha, anazimitsa makina oziziritsa mpweya. Maganizo abwino ndithu, kungoti mawindo a holoyo anali osatseguka. Anthu ankadzikupiza ndi mapepala, thukuta lili kamukamu.

Pampando wakutsogolo panakhala apulofesa, mayi a imvi, amene anabwera kudzasankha munthu mmodzi wokagwira ntchito mu labu yawo. Anyezi ankawafuna malowo ndi mtima wonse. Maphunziro ake anali akutha, ndipo kwina kolowera analibe.

Vuto linali pachithunzi chake chomaliza, pomwe analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti utotowu suchoka. Anauyesa ndi sopo, ndi madzi otentha, ndi dzuwa. Za thukuta sanaziganizire n'komwe. Mu labu mwawo munkazizira ngati mufiriji, nanga akanatuluka thukuta ndani?

Mnzake Wamtali, wofufuza za mapulasitiki otha kuola, anamunong'oneza.

"Iwe, khosi lako lapsa ngati papaya. Kwaya jekete langali ubise."

"Kutentha konseku?"

"Ukomoka ukamaliza. Ntchito kaye."

Anyezi analandira jeketelo. Kubisa kunali kosavuta: kumanga mabatani, kulankhula, kukhala pansi. Koma anakumbukira kuti achemwali ake anali atauza kale mkwatibwi wina kuti operekeza ake adzavala nsalu yomweyi. Anawaona m'maganizo atsikanawo akuvina padzuwa, m'khwapa muli chikasu chokhachokha, achemwali ake akusowa poyang'ana.

Atamuitana, jekete lija analisiya pampando.

Analankhula bwino mpaka chithunzi chomaliza chinaoneka pakhoma. Apo analoza zilembo zikuluzikulu zija.

"Mawu awa musawakhulupirire," anatero. "Ndinawalemba ndine, koma bulauzi yangayi yawatsutsa lero lomwe. Thukuta sindinaliyese."

Anakweza mpango uja. Holo yonse inaseka, ena mpaka kuomba m'manja. Wamtali anagwira kumutu. Anyezi anachita manyazi kwambiri, analakalaka nthaka itang'ambika.

Apulofesa okha sanaseke.

"Chachotsa utotowo n'chiyani, mchere wa m'thukuta kapena asidi wake?"

"Sindikudziwa, mayi."

"Mungadziwe bwanji?"

"Ndinganyike kansalu kena m'madzi amchere, kena m'madzi a asidi, kena muzonse ziwiri."

Apulofesa anangotembenukira kwa wolankhula wotsatira. Anyezi anakakhala pansi akudziwa kuti malo aja apita. Wolankhula pambuyo pake anali ndi zithunzi zokongola, ndipo chilichonse chake chinali chitayenda bwino.

Nthawi ya tiyi anaima yekha pakona, akuganiza momwe akawauzire achemwali ake. Anangoona apulofesa ali patsogolo pake, nawonso akupukuta thukuta pachipumi.

"Muli ndi kachidutswa kotsala ka nsalu imeneyi?"

Anyezi anapisa m'chikwama n'kutulutsa kamodzi mwa tizidutswa tomwe anabweretsa toonetsa. Apulofesa anakapinda bwinobwino, n'kukalowetsa m'kolala ya malaya awo oyera, pakhosi penipeni.

"Thukuta la munthu mmodzi si umboni," anatero. "Lolemba mubwere ku labu, mudzaone ngati inenso ndapsa. Mubwere ndi makoko anuwo."

Anatenga kapu yawo ya tiyi n'kubwerera muholo yotentha ija, kansalu kachikasu kakusuzumira kuseri kwa khosi lawo.