Mphalapala Imene Nejla Ankanenepetsera Mwana Wake

Nkhani iyi anandiuza ndi Laara, mlamu wake wa Nejla, bambo woweta mphalapala, tikupala zikopa ku Snåsa, dera lozizira lakumpoto kwa dziko lapansi, patatha zaka zingapo chigwereni mvula ya poizoni wa ku Chernobyl.

Poizoniyo analowa m'ndere za pamiyala, mphalapala zoweta n'kudya nderezo. Nyama ina iliyonse imene Nejla anapha chaka cha mvulayo, aboma anaikwirira m'dzenje.

Mwana wake Ristin anali woyembekezera, ndipo mkuluyo ankafunitsitsa kuti amwe msuzi wa mafupa a ziweto zapakhomo, monga ankamwera malemu mayi ake a Ristin.

"Ababa, musandivutitse," anatero Ristin. "Adokotala aletsa."

"Adokotala akowo anakulira nyama yam'zitini. Waiona miyendo yawo? Ngati ya khwangwala."

"Khwangwala yemweyo ndi amene adzandichiritse."

Aboma ankati chiweto chikadya chakudya chogula cham'matumba miyezi iwiri, poizoni amatsika. Nejla anagwira mphalapala yamphongo yonona n'kuitsekera kuseri kwa nyumba. Inanunkhiza chakudyacho n'kutembenuka. Sabata ziwiri zisanathe, nthiti zinali mbee!

"Alamu," Laara anamuseka, "anzanu amayamba apha kaye, kenako n'kuyanika. Inu mukuyanika yamoyo?"

Munthu amene wakula akufukulira ziweto ndere pansi pa chipale chofewa sangaonerere nyama ikufa ndi njala. M'mawa uliwonse Nejla ankakwera kaphiri, n'kupala ndere dzanja limodzi, n'kuwaza pachakudya chija kuti chimveke fungo lakutchire. Mphalapala inayamba kudya. Inanona mpaka ubweya kuwala.

Tsiku loyeza, munthu waboma anagunditsa makina oyezera poizoni pantchafu ya mphalapalayo. Makinawo analira ngati mmene analirira pa zinzake zam'dzenje.

"Mwaipatsa chiyani, bambo?"

"Dzanja limodzi basi. Lafungo chabe."

Ristin anali ataima pakhomo la khola. Sanalire, sanakalipe. Mawa lake anakwera basi ya kumzinda wa Trondheim, ndipo mwana anabadwira komweko. Mwanayo wakula akudya nkhuku, mphalapala amaziona pazenera la galimoto.

Laara amalimbikira kuti mlamu wake sankadziwa zoti ndere zochepa choncho zingawononge zonse. Ine ndayenda malo ambiri, ndamva anthu ambiri akutchinjiriza abale awo, ndipo apa pokha sindikumukhulupirira. Ndikuganiza kuti Nejla ankadziwa bwinobwino, kungoti analephera kuiyang'ana ikuwonda.