Ndalama ya Wopalasa Bwato

Zelipa, mwana wa mlongo wanga, anachotsa ndalama m'kamwa mwa munthu wakufa, nabisa nkhaniyo masiku khumi ndi limodzi.

Zinachitika mu Febuluwale 1974, panyumba yosamalira okalamba ku Scarborough, kutsidya kwa nyanja, kumene iye ankagwira ntchito. Womwalirayo anali Bambo Stavros, Mgiriki. Posambitsa mtembo, Zelipa anapeza kandalama kasiliva pansi pa lilime. Kwawo ku Dedza, chinthu chobisidwa m'thupi la maliro chimanunkha ufiti basi. Anakakulunga m'pepala pamodzi ndi mchere, nakatsekera m'kabati yake.

Maliro ataikidwa, Mayi Eleni, mkazi wamasiyeyo, anayamba kubwera m'mawa uliwonse, nkukhala pampando wa pakhomo. Ankati akulota amuna awo ali chilili m'mbali mwa mtsinje, bwato likuwasiya, ndipo ankafuna kudziwa amene anagwira mtembowo.

Kenako Zelipa anafika kwanga.

"Malume, akadziwa andifaya. Mapepala anga okhalira m'dziko muno athera pomwepo, andibweza kumudzi."

"Pereka moni kaye," ndinatero. "Ukatero ukhale pansi, ufotokoze bwinobwino."

Mawa lake m'mawa Zelipa anaulula kwa Mayi Alice, mkulu wa anamwino, ndipo masana ndinamuperekeza kuofesi yawo. Muofesimo munali Mayi Eleni ndi Dokotala Girgis, wochokera ku Igupto. Zelipa anagwada, naika kapepala kaja patebulo. Mchere unamwazika.

Mayi Eleni sanakalipe. Anangoti, "Wawalanda ndalama ya bwato. Awoloka bwanji?"

"Pepani mayi," anatero Zelipa. "Ndinkaganiza kuti wina wawachita chipongwe. Kodi Mkhristu amalipiranso bwato?"

"Ndimapemphera ngati iwe. Koma amayi anga anawaikira abambo anga. Ine ndikanalekeranji?"

Apo Dokotala Girgis anavula magalasi ake.

"Makolo akale a mayiwa ankati akufa amawoloka mtsinje, ndipo wopalasa bwato sanyamula wopanda ndalama. Makolo anga ankanenanso za wopalasa bwato, wamakani, wosanyamula munthu asanamufunse mafunso. Kwa iwowa pachipata pali galu wa mitu itatu. Kwathu wolandira akufa ali ndi mutu wa nkhandwe. Konseko oweruza akudikira kutsidya. Ifenso ena tinkawaika lilime lagolide m'kamwa, kuti akathe kuyankha mlandu."

"Nanga wochotsa ndalamayo?" anafunsa Zelipa.

"Kwathu ankati mtima wa aliyense umaikidwa pasikelo, mbali inayo kuli nthenga imodzi. Ukalemera, pali chilombo chodikira pansi pa sikeloyo." Dokotalayo anamwetulira. "Ndi nthano chabe, mwana wanga."

Palibe anaseka. Nthano zimenezi ine ndinaziphunzira kusukulu ya mishoni monga nkhani za pamayeso, ndipo ndine mkulu wa mpingo. Koma ndinaphunzitsidwanso kuti mboni ziwiri zikagwirizana, mlandu umaima. Ndipo pano mitundu iwiri, yolekanitsidwa ndi nyanja, inali kunena chimodzi. Zelipa anali atagwira pachifuwa, ngati akufuna kumva kulemera kwa mtima wake.

Mayi Alice anatulutsa kalata yomuchotsa ntchito, yolembedwa kale, nayang'ana wamasiyeyo.

"Mukamuthamangitsa, adzabweza ndani?" anatero Mayi Eleni. "Dzanja limene linachotsa ndi limene liyenera kuika."

Kalatayo inabwerera m'dirowa, ndipo chilango chinali ichi. Zelipa anachotsedwa kuchipinda cha odwala kwambiri, natumizidwa kochapira zovala miyezi itatu, ndipo analetsedwa kukhudzanso mtembo panyumbapo. Pa tsiku la makumi anayi chimwalirire Bambo Stavros, anapita kumanda, nakumba nthaka yozizira ndi manja opanda magolovesi, nakwirira ndalamayo kumutu kwa manda, banja lonse la malemu likuona.