Chivundikiro cha Difu ya Chiutsi

"Mwandibera, bambo! Mwandibera dzuwa likuswa mtengo, amalume akuona!"

Ndinakuwa choncho nditagona chagada pansi pa galimoto, oyilo wakale akundidonthera paphewa. Ndinangoona nsapato za bambo zikusuntha pang'ono pa simenti, pafupi ndi nsapato zatsopano za Brock, mchimwene wanga.

Galimotoyo ndi Chiutsi, pikapu yadizilo imene banja lathu la a Hostetler limapikisana nayo chaka ndi chaka pa chionetsero cha zaulimi kuno ku Indiana. Amaimangirira chingolo chazitsulo chimene chimanka chilemera ukamachikoka, ndipo wofika nacho patali ndiye katswiri. Anthu ambiri amaonerera ali kumbuyo. Amaona utsi, matayala akukumba dothi, ndi chivundikiro cha difu, bokosi la magiya limene lili pakati pa ekiselo ya matayala akumbuyo. N'chifukwa chake kwathu chivundikirocho sichisinthidwa wamba. Chimasintha woyendetsa akasintha, ndipo amasankha ndi woyendetsa watsopanoyo. Cha agogo chili pakhoma la galaja, chadzimbiri, chopachika pa msomali. Cha bambo ndinachimasula ndine m'mawa wa tsikulo, poti adokotala anawaletsa mpikisano chifukwa cha msana.

Nyengo yonse yachisanu ndinali pansi pa Chiutsi. Palibe anandiphunzitsa. Ndinkaika foni pa tayala, kuonera makanema a amakaniko, kuimitsa, kubwereza, zala zitauma ndi kuzizira. Magiya a difu ndinasintha ndekha, mabeyaringi ndinakhoma ndekha. Nthawi imeneyo Brock anali ku North Dakota, ku zitsime za mafuta. Chimanga chitayamba ngayaye, uyu watulukira, ndevu zosemedwa bwino, nkhani zodzaza m'kamwa. Mayi anamuphikira chitumbuwa cha mapichesi. Bambo, amene amatha sabata osaonetsa dzino, ankaseka mpaka kugwira msana wodwalawo. Ine nditamaliza difu anangoti, "Sikudontha? Chabwino."

Ndiye madzulo ena pa chakudya anati, "Aliyense wa inu abweretse chivundikiro chake. Chimene ndidzasankhe ndicho chidzamangidwe."

Aliyense patebulopo anamva tanthauzo lake. Ngakhale amalume Lonnie, mlongo wawo wa mayi, amene amadya kwathu kuposa kwawo, anaika foloko pansi n'kuimba mluzu.

Ine ndinafufuza ngati ndikusankha mwamuna. Cha fakitale ndi chilata chopyapyala, chimapindika. Za aluminiyamu zokhala ndi zipsepse zimaziziritsa oyilo, n'zabwino kwa wokoka ngolo mtunda wautali pa tala. Koma Chiutsi sathamanga mtunda. Amakoka kanthawi kochepa, mphamvu yonse ikukankha magiya kumbuyo ngati akufuna kubowola. Ndinasankha chachitsulo chakuda, chochindikala, cholemera ngati kamwana, chokhala ndi mabawuti awiri aatali amene amalowa mkati kukatsamira zogwirizira mabeyaringi kuti zisasunthe. Chosakongola n'komwe.

Brock anabweretsa chake m'bokosi lokulunga bwino. Aluminiyamu wonyezimira, zipsepse zopaka penti yofiira, kagalasi koonera oyilo pambali. Sindinama, nditachiona mtima unandiwawa. Chinali chokongola ngati iye mwini, chinthu choti anthu akachiona amatulutsa mafoni.

Loweruka la mpikisano litatsala mawa lake, tinaziyala zonse pa benchi.

"Kendra, ichi n'chivundikiro kapena chiwaya chokazingira nyama?" anatero amalume Lonnie, akuyesa kunyamula changa.

"Chiwaya, amalume. N'chifukwa chake mwachithamangira."

Brock anaseka. "Chemwali, chako chikagwera munthu paphazi, ndi maliro."

"Chako chikaona chingolo, chidzalira kufuna amayi ake."

"Koma chidzalira chikuwala."

Bambo anatembenuza cha Brock, kuchigogoda ndi chala, kuchiika pansi. Anatenga changa, nazunguliza mabawuti aatali aja pang'onopang'ono.

"Ichi," anatero.

Brock anangokweza mapewa. "Wapambana, chemwali. Changa ndikamanga pa galimoto yanga, atsikana azionerapo nkhope."

Sanakhumudwe ngakhale pang'ono, ndipo ndikanayenera kudabwa pomwepo. Koma chimwemwe chinanditseka maso. Ndinalowa pansi ndi chivundikiro changa, ndinapala milomo ya difu mpaka kuyera, ndinapukuta. Kenako ndinafinyira silikoni womatira kuzungulira chivundikiro, mzere umodzi wosaduka. M'mutu ndinali kale pampando, mbendera yobiriwira ikutsika, wolengeza akutchula dzina langa.

Pamenepo ndinamva kabati ikutseguka. Phokoso lake ndimalidziwa, ndi kabati imene bambo amasungamo chipewa chawo cholimba cha mpikisano.

"Tayesa ichi, Brock. Mutu wakowo ndi waukulu ngati wa agogo ako."

Apo ndi pomwe ndinakuwa mawu aja. Ndinatuluka pansi pa galimoto ndikukwawa, n'kukhala pa simenti chivundikiro chili pamiyendo, mabawuti onse ndafumbata m'dzanja. Brock anali chilili, chipewa chili pakati pa mutu, ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'kamwa.

"Mwasankha changa," ndinatero. "Mwanena nokha. Ichi."

"Ndasankha chako chifukwa ndi chabwino," anatero bambo.

"Ndiye chipewa chikutani pamutu pa uyu?"

"Uyu ali ndi dzina, iwe."

"Wosankha chivundikiro ndiye woyendetsa! Agogo anasankha, anayendetsa. Inu munasankha, munayendetsa. Lamulo lasintha liti? Lasintha litafika pa ine?"

Bambo anakhala pa mpando wa matayala, dzanja kumsana. "Tamvera, mwananga. Galimoto ikamakoka, pamafunika munthu pambali womvetsera. Iwe umamva difu ikamadandaula ngakhale injini ikubangula. Ukakhala mkati, adzamvetsera ndani? Brock kumva kwake ndi nyimbo za pawailesi basi."

"Zoona zimenezo," anatero Brock, kuyesa kuseka.

"Khala chete, achimwene!"

Mawu a bambowo anandiwotcha kuposa akanangoti ndine mkazi, kapena ndine wamng'ono. Ndiye kuti kulimbikira kwanga ndiko kwanditsekera pansi pa galimoto? Ndikanapita ku North Dakota n'kubwera ndi nsapato zatsopano, bwenzi chipewa chili changa? Brock amangofika, zinthu n'kumutsata zokha: chitumbuwa, kuseka kwa bambo, tsopano chiwongolero. Mawa anthu adzaona chitsulo changa chakuda chikuyenda m'fumbi, n'kumawombera m'manja iye. Adzati mnyamata wa a Hostetler amadziwa kusankha.

"Chemwali," anatero Brock, akuvula chipewa, "ine sindinapemphe."

"Sunapemphepo kanthu chibadwire. Amangokupatsa."

Koma Brock chipewacho sanachiike pansi. Anachikumbatira pamimba, ndipo ndinaona kuti akuchifuna, mwina ngati mmene ndikuchifunira ine. Zimenezo zinandikwiyitsa koposa.

"Dwayne," anatero amalume Lonnie kwa bambo, "mwanayu sakunama. Ine ndinalipo tsiku limene mdala wako anakupatsa chipewa. Sanafunse za makutu."

"Lonnie, mufiriji muli nyama. Pita ukaione."

"Ndaiona kale. Ndiye ndabwera kuno."

Palibe anaseka. Panja thirakitala ya aneba inadutsa, fumbi linalowa pachitseko. Ndinayang'ana pamiyendo panga. Silikoni anali atayamba kuchita khungu pamwamba. Akauma chivundikiro chisanamangidwe, sagwiranso, oyilo amadontha. Bambo anaonanso, ndinaona maso awo akupita pomwepo.

"Manga kaye, tikambirana bwino," anatero.

"Ayi."

"Kendra."

"Ndikamanga, nkhani yatha. Ndimakudziwani. Mudzalowa m'nyumba, mudzayatsa wailesi, mawa ndidzadzuka Brock atakhala kale pampando."

"Bweretsa mabawutiwo, amanga mchimwene wako."

Ndinawaponya m'thumba la ovolosi, n'kutseka zipi. "Abwere adzatenge."

Brock sanasunthe. Bambo anayang'ana pakhoma, pa chivundikiro cha agogo, kenako pa msomali wopanda kanthu umene ndinakhoma ine m'mawa kuti tipachikepo chawo.

Ndinanyamula chitsulo changa ndi manja awiri, ndinaimirira, n'kuchiika pa benchi pambali pa chonyezimira chija.

"Zonse zili apa, bambo. Ngati woyendetsa ndi Brock, mangani chake chofiiracho, lamulo la agogo likhale lamulo, ine ndipachika changa m'chipinda mwanga. Ngati mukufuna changa pa Chiutsi, chipewa chibwere kuno. Koma kutenga mutu wanga n'kupatsa uyu mpando, zimenezo ayi. Musayang'ane khoma, khoma silinagone pansi pa galimoto chisanu chonse. Ndiyang'aneni ine. Silikoni akuuma, bambo. Mawa akuyendetsa ndani? Yankhani!"