Patience, Tseka Maso

"Patience, tseka maso!"

Mwana wanga anaponya supuni m'mbale n'kuphimba nkhope ndi timanja tonse tiwiri. Bambo ake, a Gervazio, anali atadzambatuka kale pampando, rimoti ili m'manja, akuidina ngati akupha nsikidzi. Pa TV mnyamata wina anali atagwira chibwenzi chake m'chiuno, milomo yawo ikuyandikana. Chithunzi chinathamanga, awiriwo n'kuzimiririka, ndipo panatulukira chibambo chonyamula chikwanje.

"Tsegula tsopano," anatero a Gervazio akukhala pansi.

Chibambo chija chinatema mnzake pakhosi, magazi n'kuthovokera kukhoma. Patience, mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, anatola supuni yake n'kupitiriza kudya mpunga.

Umu ndi mmene Lamulungu masana linkayendera kunyumba kwathu ku Soche. Papita zaka zitatu chichokereni m'nyumba imeneyo, koma ndikakumbukira mtima umawirabe ngati ndi dzulo.

Amuna anga ankayang'anira anzawo pa fakitale ina ku Makata, ndipo kutchalitchi anali munthu wa mpando wakutsogolo. Filimu ikamayamba, pakona ya TV pamatuluka nambala ya zaka ndi tizilembo tochenjeza makolo. A Gervazio anatiloweza kuposa katekisimu. N inkatanthauza maliseche, S zogonana, V zankhanza. Akaona N kapena S, nkhope inkachita tsinya ngati alawa ndimu. Akaona V, ankaitana mwana kuti abwere ndi mbale yake.

"Bambo a Patience, filimuyi alemba 18," ndinawauza tsiku limenelo.

"Alemba 18 V. Palibe N, palibe S. Kupsompsonana kujaku angotibera, ndiye ntchito ya rimoti imeneyo."

"Nanga magazi onsewa?"

"Ndi tomato ameneyo, mayi. Ndewu ndi gawo la moyo, mwana azidziwa. Chimene chimaononga mwana ndi zamaliseche. M'mera mpoyamba."

Ankaukonda mwambi umenewo. Tsiku lina anathamangitsa chithunzi cha mayi woyamwitsa mu pulogalamu ya zaumoyo, ati bere laonekera. Bere! Kwathu kuno amayi amayamwitsa m'minibasi, kondakitala n'kumatolera ndalama zake osacheuka n'komwe. Patience yemweyo anayamwa langa zaka ziwiri zathunthu, lero amutseketse maso chifukwa cha bere la mayi wina wa pa TV. Ndinaseka, koma kunali kuseka kwa munthu wopsa mtima.

Chimene anthu a kutchalitchi sankadziwa n'chakuti dzanja lodina rimoti lija linali ndi ntchito inanso. Linkandipeza kuchipinda, chitseko chili chotseka, wailesi atakweza. Ankhoswe anabwera kawiri, ndipo kawiri konse anandiuza kuti banja ndi kupirira. Ndinapirira. Ndinkadziuza kuti ndikukhalira mwana, kuti bola iye sakuona, akule ndi bambo ake ngati anzake. Bodza limenelo ndinalisamala bwino kuposa mmene ndinkasamalira thupi langa.

Loweruka lotsatira m'mawa ndinapita ndi Patience ku Limbe kukamugulira nsapato za kusukulu. Titamaliza, ndinamugulira chimanga chootcha, tinalunjika kudepoti. Tisanafike pa minibasi za ku Soche, kunamveka mfuu.

"Wakuba! Wakuba! Mugwireni ameneyo!"

Anamugwirira pafupi ndi ife. Anali bambo wamkulu ndithu, wa imvi za apo ndi apo, ati watsomphola foni ya mayi wina. Oitanira minibasi anamugwetsa pansi. Wina anavula lamba, wina anatola njerwa, wina n'kumakuwa kuti abweretse tayala. Ena onse anakweza mafoni m'mwamba kuti ajambule bwino. Bamboyo ankangoti, "Pepani, mabwana, ndili ndi ana," mpaka mawu anasanduka kubuula.

Ndinatambasula dzanja kuti ndigwire Patience tithawe, koma dzanja linagwira mphepo. Ndinamupeza atakwera pa thumba la mbatata la mayi wina wogulitsa, ataimirira ndi zala za kumapazi, chimanga chili kukamwa.

"Amami, ndinyamuleni, sindikuona bwino."

"Tsika! Tiye tizipita!"

"Dikirani kaye, sanamalize." Analuma chimanga n'kuloza ndi chala. "Ameneyu sanafe, akunamizira. Akafa miyendo imasiya kugwedera."

Mayi wa mbatata uja anaseka. "Koma mwana wanuyu ndi wolimba mtima, mayi. Wanga akanakodzedwa kale."

Ndinafuna kumulavulira mayiyo, koma analakwanji? Ananena zimene anaona. Ndinamukoka Patience pamkono mwamphamvu moti analira, ndipo kulira kwake koyamba tsiku limenelo kunali kwa mkono wake, osati kwa munthu amene ankafera pafumbi. Apolisi anafika tikukwera minibasi. Sindikudziwa ngati bamboyo anapulumuka.

Njira yonse mwana anali pamiyendo panga, akuseweretsa zingwe za nsapato zatsopano, ine ndikumuyang'ana kumutu ngati mwana wa eni. Ndinakwiyira oitanira aja, ndinakwiyira ojambula aja, ndinakwiyira amuna anga. Koma amene ndinamukwiyira koposa ndi ine ndemwe, amene Lamulungu lililonse ndinkabweretsa mpunga patebulo n'kukhala chete.

Tinawapeza a Gervazio pabalaza, dzuwa lili paliwombo, filimu ina ili m'kati. Anthu ankawomberana pamwamba pa sitima. Patience anathamangira pamkeka, malo ake a masiku onse, n'kukhala pansi ndi chimanga chake chotsala.

Ndinatenga rimoti patebulo n'kuzimitsa TV.

Chikwatiranireni ndinali ndisanaigwirepo rimoti imeneyo iwo ali pomwepo.

"Wayamba misala?" anafunsa.

"Mwana wanu lero waonerera munthu akuphedwa ku Limbe. Wakwera pathumba kuti aone bwino. Akudya chimanga, bambo a Patience! Akundiuza ine mmene munthu amafera!"

"Ndiye vuto lili pati? Wakuba ndi wakuba. Aphunzire kuti kuba n'koipa."

"Vuto ndi inu! Anthu aja analemba 18, inu mumawerenga kachilembo kokha. Anthu akakondana mumamutseketsa maso, akamatemana mumamuitana. Mukulera chiyani m'nyumba muno?"

"Bweretsa rimotiyo, Linda."

Akanditchula dzina langa lenileni ndinkadziwa chotsatira. Masiku ena onse ndinkatsogola ndekha kupita kuchipinda ngati mbuzi yodziwa khola, kuti mwana asaone. Tsiku limenelo mapazi anga anakana.

"Sindibweretsa."

Mbama yoyamba inandigwetsera pa mkono wa sofa. Yachiwiri inang'amba mlomo, ndinamva kukoma kwa mchere m'kamwa. Sindinalire. Ndinatembenuza mutu kufuna mwana wanga, mtima ukupempha chinthu chimodzi chokha: akuwe, athawe, aitane aneba, achite chilichonse chimene mwana amachita akaona mayi ake akumenyedwa.

Patience anali pamkeka pomwe paja, miyendo atapinda. Anali atangotembenuka pang'ono, kuchoka ku TV kuloza kwa ife. Maso ali gwa, osaphethira. Nsagwada zikuyenda pang'onopang'ono, akutafuna chimanga.

Zaka zonse zija ndinkati sakudziwa. Nkhope imeneyo sinali ya mwana amene akuona zachilendo.

A Gervazio anapumira m'mwamba, n'kuyang'ana dzanja lawo ngati labwerekedwa. Mkwiyo wawo unkatha msanga ngati moto wa mapesi, ndipo pambuyo pake pankabwera gawo limene ndinkadana nalo kuposa mbama. Anagwada pambali panga, mawu atafewa ngati a munthu wotsogolera mapemphero.

"Pepa, mayi. Umandiputa ndiwe. Ukudziwa kuti ndimakukonda."

Anandikumbatira. Anapukuta mlomo wanga ndi chala chachikulu, n'kundipsompsona pachipumi.

Ndinamva kanthu kakugwa pasimenti. Chinali chitsononkho. Patience anali atachiponya, timanja tonse tiwiri taphimba nkhope, zala atazithinanitsa kuti pasapezeke mpata. Palibe amene anamuuza.

"Adadi, zatha?" anafunsa. "Nditsegule?"

Ndinachotsa manja a amuna anga pathupi panga, limodzi kenaka linzake, n'kuimirira. Rimoti inali idakali m'dzanja langa. Ndinaiika pamiyendo pawo.

Ndinamunyamula mwana wanga mmene analirimo, manja ali kumaso. Anali atalemera, miyendo yake ikundimenya m'mawondo, koma sindinamutsitse. Sindinatenge chikwama, sindinatenge chitenje, ngakhale nsapato zatsopano zija zinatsala pamkeka. Tinadutsa pakhonde, tinadutsa aneba amene ankachapa pampopi n'kumayesa sakutiona, tinatuluka pageti. Kumbuyo ndinamva dzina langa kawiri, koma sindinacheuke.

Pamsewu, poyembekezera minibasi yopita kwa mkulu wanga ku Chilomoni, ndinamuimika pansi n'kugwada kuti nkhope yanga ifanane ndi yake. Magazi anali akutsikabe kuchibwano.

"Amami, zatha?"

Ndinagwira timanja take n'kutitsitsa ndekha.

"Tsegula tsopano," ndinatero. "Undiyang'ane."