Komprimidu M'tsaya mwa a Jacinto

Nthawi ya nkhondo ija, ku Chidzolomondo mankhwala ankabwera ndi koluna, mdipiti wa galimoto za matropa, asilikali a boma, kuchokera ku Furancungo. Koluna nayo inkabwera ikafuna. Msewu ukavuta, mumangomva kuti galimoto aitentha kwakutikwakuti, basi, dikirani.

Pa kaposito, kachipatala kakang'ono ka kumeneko, panali enferimera, namwino, mmodzi yekha, dona Terezinha. Wamfupi, wapakamwa, woti odwala ake a chifuwa chachikulu ankawazindikira ndi katsokomoledwe asanalowe n'komwe. Onse ankabwerera m'thupi pang'onopang'ono, kupatula a Jacinto, bambo wolima fodya. Iwowa mankhwala akulandira ndithu, koma lamba akungomuboola mabowo atsopano.

Shefi wa zaumoyo atabwera ndi koluna, anawayang'ana a Jacinto kamodzi kokha.

"Awa sakumwa, Terezinha. Mankhwala ndi ochepa distritu yonse, anthu akudikira. Ndikadzawapezanso chonchi, gawo lawo tipatsa wina."

Ndiye Terezinha anasintha kachitidwe. Zotenga makomprimidu, mapiritsi aja, kupita nawo kunyumba zinatha. Aliyense azibwera m'mawa, azimeza pamaso pake. A Jacinto sanatsutse. Ankalandira awiri awo, kuponya m'kamwa, kumwera madzi, ulendo. Koma kuonda osasiya.

Chimene chinawagwiritsa ndi ulemu. Pobwera, bamboyu ankapereka moni mpaka kufunsa za nkhuku. Pochoka, zii. Ngakhale "tsalani bwino" yemwe. Munthu wamkulu amachoka pakhomo chomwecho?

Tsiku lina atangomwera madzi, Terezinha anaima pakhomo.

"Musathamange, bambo. Kumudzi kuli bwanji?"

"Mm."

"Fodya wakhwima?"

"Mm-mm."

"Nanga mbuzi yanu yaikazi ija? Ndamva aitomera a milisiya, akuti ukwati uli Sabata."

Anthu pamzere anafa nacho chiseko. A Jacinto anayesa kulimba, masaya ali tutumu, maso akutuluka misozi chifukwa cha kuwawa kwa mankhwala. Kenako chiseko chinakumana ndi chifuwa, komprimidu n'kuuluka, kukagwera pa phazi la enferimera.

Terezinha sanawakalipire pagulu. Anawalowetsa mkati n'kutseka chitseko.

"Mukumeza imodzi, ina mukusunga m'tsaya. Ya ndani?"

A Jacinto anafotokoza. Akazi awo, a Zefa, anagwidwa ndi amfuti a kutchire kuti akasenze katundu, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti anapita basi. Koma anathawa, anabwerera, akutsokomola. Vuto linali loti wobwerera kutchire ankayamba wafunsidwa ndi a milisiya, alonda a mfuti a boma, ndipo mafunso ake sanali a pakamwa pokha. Msasa wa milisiyawo unali pafupi ndi posito pomwepo. Ndiye a Jacinto anawabisa akazi awo m'kachisakasa kudimba, kumunsi kwa khwawa.

"Ine ndizimeza, iye akukhosomola magazi? Chinangwa chimodzi timathyola pakati, enferimera. Ndi mmene takhalira."

"Chinangwa inde, bambo. Awa mukathyola palibe wochira. Matenda amangowazolowera."

"Ndiye mukawauza a milisiya?"

"Ine ndi a milisiya timakambirana za mbuzi basi."

M'mawa mwake Terezinha anavula malaya oyera, anamanga kapulana, chitenje chakutha, duku, khasu paphewa. Wa milisiya atamufunsa, anati akukapempha mbewu ya mbatata. M'mphindiro ya kapulana anamangamo mankhwala a wodwala wina amene anathawira ku Malawi osawamaliza. Okwanira munthu mmodzi.

Kudimba anapeza anthu awiri.

A Zefa anali gone pamphasa, mafupa okhaokha. Pambali pawo panakhala nkhalamba ina, a Damião, amene anathawa nawo limodzi kutchire. Kwawo kunali kutali, mudzi wawo anautentha. Nawonso chifuwa chomwecho. Pamwala panali mpeni ndi tizidutswa toyera.

Terezinha anayang'ana mpeniwo, n'kuyang'ana a Jacinto. A Jacinto anayang'ana akazi awo.

"Iwe Zefa, unkaidulanso?"

"Nanga ndikanatani, abambo? Munthuyu anandibereka kumsana powoloka mtsinje."

Terezinha anakhala pansi. Komprimidu imodzi, yoyamwidwa kale m'tsaya, anthu awiri.

"Ndili ndi a munthu mmodzi," anatero. "Osadula, osagawa. Ena ndikamenyera nkhondo koluna ikabwera, koma sindikudziwa ibwera liti."

"Apatseni agogowa," a Zefa anatero.

A Damião anaseka mpaka kutsokomola. "Mwanawe, ine ndi chifuwa changachi takalamba limodzi. Chikandisiya ndicheza ndi ndani? Imwa."

"Sindimwa."

"Mayi," anatero Terezinha, "mukakana, amuna anuwa ayambanso kusunga m'tsaya, shefi awachotsera gawo lawo, tiika maliro atatu. Sankhani."

A Zefa anayang'ana amuna awo nthawi yaitali, mikono ya bamboyo ili ngati bango. Analandira, anameza, n'kutembenukira kukhoma la udzu.

Kuyambira pamenepo Terezinha anasanduka mlimi wa mbatata wolimbikira kwambiri m'dera lonselo. M'mawa uliwonse kudimba, khasu losagwira dothi. A Damião ankawatengera phala ndi tiyi wa mandimu, chifukwa china chowapatsa panalibe. Wa milisiya uja mpaka anayamba kufunsa kuti mbatatazo adzalawa liti.

Mvula itatha a Jacinto anali atabwerera m'thupi, a Zefa akutha kutunga madzi okha. Koluna inafika mochedwa. Terezinha anakangana ndi shefi mpaka anapatsidwa gawo la munthu wina mmodzi, osatchula kuti munthuyo ali kuti. Anathamanga nalo kudimba, khasu analiiwala.

Anapeza a Jacinto akusalaza dothi pansi pa mtengo wa mkuyu. A Damião anali atawaika m'manda dzulo lake.

A Zefa sanamupatse moni. Anangoyang'ana kapulana yotupa ija n'kunena kuti, "Kumtunda kwa khwawa kuli mayi wina ndi mwana. Akubisala ngati ine. Akutsokomola."

"Kutali?"

"Tiyeni, ndikuperekezeni."