Makina a Bashi Chomba Akana Kulira

Amuna anga, Bashi Chomba, anali odula mitengo, ndipo Kabwata yense ankawadziwira makina awo a tcheni, amene akalira agalu ankathawira kuseri kwa zimbudzi. M'chaka cha 1986 makinawo anatopa. Masipeya ankasowa m'tauni monga ankasowera sopo ndi mafuta ophikira, koma Ba Edmond, mlamu wawo woyendetsa malole, anawabweretsera pisitoni, maringi ndi tizipangizo ta kabuleta kuchokera kunja.

Ntchito inali ikudikira kale. Ba Nicodemus a ku Kabulonga anali ndi mtengo wa bulugamu wautali wopendekera padenga la nyumba yawo, ndipo poti ndi a Sabata, ankafuna ugwe dzuwa la Lachisanu lisanalowe. Mtengo wotero sauyambira pansi. Munthu amakwera ndi chingwe mpaka kunsonga, makina ali m'manja, n'kumatsitsa nthambi imodziimodzi.

Ine mtima unali m'mwamba, chifukwa ndinkadziwa chimene Ba Nicodemus sankadziwa. Maso a amuna anga anali atachita ng'ala. Ankathira tiyi pambali pa kapu n'kundinena ine kuti ndasuntha kapuyo. Ndikangotchula za kuchipatala, nyumba inkachepa. Munthu wouma mutu chotero sindinamuonepo, ndipo sindinakondepo wina koma yemweyo.

Lachiwiri anamangira makinawo patebulo langa losokera. Zaka makumi awiri ndakhala ndikuwadulira magasiketi ndi sizasi yanga, choncho za m'kati mwa kabuleta ndimazidziwa ndithu. Pamayamba gasiketi, kenako kachikopa kopyapyala pamwamba pake. Ukasemphanitsa, kachikopako kamapanikiza kasingano kotsekera petulo, kasinganoko sikatseka, ndipo petulo amangothirikira mu injini. Ndinawaona akupapasa ndi zala, n'kuyambitsa kachikopa, gasiketi pamwamba. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, koma ndinakumbukira kutalika kwa bulugamu uja, ndipo ndinapitiriza kupinda diresi ya mwini.

Anatulutsa makina panja, anthu a m'mafulati atasonkhana kuti amve kulira kwake. Anakoka chingwe cholizira, makina anatsokomola kamodzi basi. Anakokanso mpaka thukuta kamukamu, fungo la petulo ponseponse. Atamasula pulagi anaipeza itanyowa. Anaiumitsa pambaula, anakoka chingwe pulagi itachotsedwa kuti petulo atuluke, anabwezera, koma inanyowanso. Anthu anabalalika mmodzimmodzi, ena akuseka chamumtima.

Lachitatu mlandu unagwera tchoki, kotsekera mpweya polizira makina. Kenako unagwera petulo wa pafilingi, kenako Ba Edmond, kuti anagula masipeya kwa akuba. Anapotokola tisikuluu ta kabuleta uku ndi uku, mpaka petulo anayamba kudontha potulukira utsi. Sanadye tsiku limenelo. Ine ndinkawapatsira sipanala iliyonse imene atchula, ngati mkazi wabwino, chonsecho yankho lili pansi pa lilime langa. Zinkandipweteka kwambiri, sindinama.

Lachinayi Ba Nicodemus anabwera pagalimoto. Anayankhula mwaulemu, monga amachitira anthu olemera a ku Kabulonga akamakuchotsa ntchito, kuti mvula yayandikira, ndipo zikapanda kutheka pofika mawa masana aitana anyamata ena a ku Chunga. Amuna anga anawatsimikizira kuti kangotsala kanthu kakang'ono. Galimoto itapita anakhala pakhonde nthawi yaitali, manja ali m'masaya. Ankadziwa kuti mbiri ikamveka yoti Bashi Chomba alephera makina awo omwe, palibenso adzawaitane.

Lachisanu m'mawa anamasulanso kabuleta patebulo paja. Anachotsa kachivundikiro, n'kukweza kabuletayo pafupi ndi nkhope, kuitembenuzira kuwindo, kuiyandikitsanso mpaka kukhudza mphuno. Ine ndinkapalasa makina anga osokera osayang'anako. Kenako ndinamva akundiitana ndi mawu amene sindinawamvepo chikwatirane.

"Bana Chomba, bwelani kuno."

Ndinapita.

"Niyanganilenikoni apa. Ine maso yanga yanasila, papita na chaka siniona bwino. Nenze kumibisani." Anandiikira kabuleta m'manja. "Imwe muziba. Niuzeni pamene nalakwisa."

Chaka chathunthu ndinali ndikupempherera tsiku loti adzavomere, ndipo linafika motero. Gasiketi inali pamwamba penipeni, yoonekera ngakhale kwa mwana. Kutembenuza kwake n'kwa mphindi ziwiri. Makina akanalira, nkhope yawo ikanawala, ndipo pofika masana akanakhala ali kunsonga kwa bulugamu, akupapasa nthambi yoti apondepo.

Ndinaiyang'anitsitsa kabuletayo nthawi yaitali, kuti aziti ndikufufuza. Misozi inadontherapo, koma iwo sakanaiona.

"Palibe chamene mwalakwisa, Bashi Chomba," ndinatero. "Vonse vili che bwino. Ni mashini yakalamba."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anandilanda kabuleta ija mofatsa, n'kuikulunga m'kansanza pamodzi ndi tisikuluu take, ndipo anandipempha thumba loti asungiremo makina onse. Ndikuwagwirira thumbalo kukamwa, anapapasa mpaka anapeza dzanja langa.

"Zikomo," anatero. "Ngati ndimwe mwakamba, ninshi ni zoona. Imwe simunganinamize."